Mwanabere wa m'khosi amene ndidamuyesa TB: nkhani ya mnyamata wa zaka 9

Ndine kiliniko ofesa pa chipatala china cha boma m'chigawo chapakati, ndipo ana obwera ndi mwanabere ndimawaona pafupifupi tsiku lililonse. Ambiri nkhani yawo imathera pa zipere, chilonda cha kuphazi, dzino lobooka kapena zilonda za kummero. Ukachiza komwe kwayambira vuto, mwanabere amaphwa yekha. Mwana amene ndikusimba panoyu adatitengera miyezi isanu ndi umodzi kuti tidziwe chomwe chinkamudya, ndipo iwiri mwa miyeziyo idatayikira m'manja mwanga. Mayi ake adandilola kulemba nkhaniyi, ndipo sinditchula dzina la munthu, mudzi kapena chipatala chathu.

Tsiku loyamba

Adabwera mu February, mvula ili pakati. Mnyamata wa zaka 9, wa sitandade 3, wochokera m'banja lolima chimanga ndi fodya. Mayi ake adaona kachotupa kumanzere kwa khosi pomumeta tsitsi sukulu ikutsegulira mu January. Ku chipatala chaching'ono cha kwawo adamupatsa amoxicillin wa masiku asanu, koma palibe chidasintha.

"Adokotala, mwanayu sakudandaula kalikonse. Nsima akudya, mpira akusewera. Chikundiopsa ine n'choti chinthuchi sichikuchoka," adatero mayiwo.

Nditamugwira ndidapeza mwanabere mmodzi pakati pa khosi kumanzere, m'mphepete mwa mnofu uja wotsika kuchokera kuseri kwa khutu kupita pachifuwa. Ndidamuyeza ndi tepi: masentimita 2.5 m'litali, 2 m'lifupi. Sankapweteka, khungu la pamwamba pake silinkatentha, ndipo ndikamukanikiza ankamveka ngati labala wofufutira pensulo, wolimba koma wosauma gwa. Ankaterera pansi pa zala. Kukhwapa ndi m'mphechepeche mudalibe chachilendo, kapamba ndi chiwindi sizinkamveka, m'kamwa ndi kummero mudali bwino. Thupi silidatenthe, ndipo sikelo idati makilogalamu 23. Kumutu, chakunkhongo, kudali zipere ziwiri.

Tonse tidaphunzira kuti timianabere tosakwana sentimita imodzi m'khosi mwa mwana si matenda, ndipo m'mphechepeche timatha kufika sentimita imodzi ndi theka mwa mwana woyenda chosavala nsapato. Tidaphunziranso kuti wopitirira masentimita 2, wosapweteka, yemwe watha mwezi osaphwa, safunika kumusiya. Uyu adali wotero. Komabe ndidaganiza kuti amoxicillin sagwira bwino tizilombo ta Staphylococcus aureus, tomwe pamodzi ndi Streptococcus ndi tomwe timatupitsa anabere a m'khosi kawirikawiri. Ndidamulembera cloxacillin wa sabata imodzi ndi griseofulvin wa zipere, n'kuwauza kuti abwerenso pakatha masabata awiri.

Lero ndikamawerenga zomwe ndidalemba m'buku lake la kuchipatala ndimaona chomwe maso anga adalumpha. Zipere zidali kumanja, mwanabere kumanzere. Zipere za kunkhongo zimatupitsa anabere a kunkhongo ndi kumbuyo kwa khosi, mbali yomweyo. Ndidasangalala kuti ndapeza gwero, osadzifunsa ngati gwerolo likuloza komwe kuli chotupa.

Momwe tidafikira pa TB

Adabwerera patatha masabata atatu. Zipere zidayamba kuuma, koma m'khosi tsopano mudali anabere atatu ogwirana, onse pamodzi masentimita 3 ndi 3. Mayi adati madzulo ena thupi limatentha, ndipo mwanayo wayamba kusiya nsima m'mbale. Nditafunsa za chifuwa pakhomo, adati agogo ake aamuna, omwe mnyamatayu ankagona nawo nyumba imodzi, adamwa mankhwala a TB chaka chathachi.

Apa mtima wanga udakhazikika pa TB, ndipo sindikuona kuti wina aliyense m'chipinda chija akadaganiza zina. Mwana wa ku Malawi, anabere ogwirana osapweteka, osamva mankhwala a mitundu iwiri, wakhala ndi wodwala chifuwa chachikulu: buku lililonse limalongosola TB ya m'anabere chomwecho. Matenda ena ndidawadutsamo. Tidamuyeza HIV iye ndi mayi ake, onse adalibe kachilombo, zomwe zidachepetsa nkhawa ya Kaposi, khansa yomwe mwa ana athu imatha kubwera ndi anabere okha popanda madontho akuda pakhungu. Mlingo wa magazi (haemoglobin) udali 10.2, maselo oyera ndi ma platelet (othandiza magazi kuundana) ali bwino, choncho leukaemia, khansa ya m'magazi, ndidaiika pambali. Burkitt, khansa ya ana yomwe timaidziwa kwambiri kuno, yomwe Denis Burkitt adailongosola ku Uganda mu 1958, imakula mothamanga, chotupa n'kuwirikiza m'masiku ochepa, ndipo imakonda nsagwada ndi m'mimba. Chotupa ichi chidatenga miyezi iwiri kuti chifike pamenepa. X-ray ya pachifuwa tidaiona anthu awiri, osapezapo kanthu.

Ndidabaya mwanabere wamkuluyo ndi singano yopyapyala ya saizi 23 kuti nditengeko madzi okayeza pa GeneXpert, makina a ku labu ofufuzira TB. Ukabaya mwanabere wa TB yemwe wapsa, nthawi zambiri mumatuluka zoyera zamibulu ngati chambiko. Mwa uyu mudangotuluka kadontho ka madzi osakanikirana ndi magazi. Ndidatsukira mu saline (madzi amchere a kuchipatala) n'kutumiza ku labu, ndipo zotsatira zidati TB sidaoneke. Sindidapake kena pagalasi kuti akaone maselo ake, poganizira kuti galasilo likayenda ulendo wautali ndipo yankho likachedwa.

GeneXpert ikapanda kupeza TB mwa mwana sindiye kuti TB palibe, chifukwa mwa ana tizilombo timakhala tochepa. Malamulo athu amalola kuyamba mankhwala potengera zizindikiro, ndipo ndidayamba: mapiritsi anayi osungunuka a RHZ (mankhwala atatu a TB ophatikizidwa mu piritsi limodzi) ndi anayi a ethambutol patsiku, monga zimakhalira kwa mwana wa pakati pa makilogalamu 16 ndi 24. Mpaka lero ndimakhulupirira kuti kuyamba mankhwalawo sikudali kulakwa. Kulakwa kwanga kudali koti ndidalemba m'buku kuti "TB ya m'anabere" ngati chinthu chotsimikizika, osalemba kuti tikuyesera, osaikanso tsiku loti tidzakhale pansi n'kuona ngati kuyeserako kwaphula kanthu. Kuchokera tsiku limenelo mwanayo adakhala wa ku ofesi ya TB. Atabwera kudzatenga mankhwala patatha mwezi, adamukweza sikelo, n'kulemba 22.4, kumupatsa mapiritsi, n'kubwerera kwawo. Palibe adagwira khosi lake, ndipo ine sindidamuone n'komwe.

Patatha miyezi iwiri ya mankhwala

Amene adandibweretsera mwanayu ndi namwino wa ku ofesi ya TB, mayi wachikulire yemwe wagwira ntchitoyi zaka zambiri kuposa ine. Adalowa ndi khadi m'manja, chala chili pa mzere wa sikelo.

"Adokotala, taonani apa. 23, kenako 22.4, lero 21.5. Mwana wa TB amene akumwa mankhwala satsika chonchi. Mapiritsi ndawerenga, akumwa."

Chotupa chidali chafika masentimita 5 ndi 4. Nditalowetsa chala m'kachigwa ka pamwamba pa fupa lopingasa la paphewa lakumanzere, ndidapeza mwanabere wina, wolimba, kukula ngati nsawawa. Pamalo amenewo sipatupa wamba mwa mwana, ndipo popatupa pamafunika kuganiza zakuya, za m'chifuwa kapena m'mimba. Mayi adati usiku mwanayo amatuluka thukuta mpaka chitenje chomwe wafunda kunyowa, komanso amadzikanda thupi lonse popanda ziwengo.

M'mutu mwanga mudabwera mayankho awiri ondipulumutsa, ndipo ndikufuna anzanga awadziwe chifukwa adzakubwererani nanunso. Loyamba n'loti anabere a TB amatha kukula, ngakhale kuphulika, mwana ali pa mankhwala oyenera, chifukwa chitetezo cha m'thupi chadzuka n'kuyamba kulimbana ndi tizilombo takufa. Izi n'zoona, ndipo ndaziona kangapo. Koma pamenepo chotupa chimakula mwana akuchira: kutentha thupi kwatha, akudya, sikelo ikukwera. Uyu chotupa chinkakula mwana akutha. Lachiwiri n'loti mwina ndi TB yosamva mankhwala. Ndidaitanitsa khadi la agogo aja, ndipo lidaonetsa kuti adachira ndi mankhwala wamba a miyezi isanu ndi umodzi. Mayankho onse awiri adagwa. Anabere a TB amachedwa kuphwa, n'chifukwa chake woweruza wabwino m'mwezi woyamba ndi wachiwiri ndi sikelo pamodzi ndi kutentha thupi, osati kukula kwa chotupa kokha. Woweruzayo adali atayankhula kale mu April, ine kulibe.

Ndidawauza mayi kuti ndikukayikira kuti si TB, kuti pakufunika kudula mwanabere mmodzi akamuyeze ku chipatala chachikulu, ndipo ndidatchula liwu loti khansa. Adakhala chete kanthawi, kenako adati: "Zimenezo sindingavomere ndekha. Ndikauze kaye amalume ake."

Ndidalemba kalata, n'kuwauza kuti abwere Lolemba adzakwere ambulansi. Sadabwere.

Masabata asanu osaoneka

Idali nthawi yokolola, ndipo fodya adali asadagulitsidwe. Nambala ya foni yomwe idali pakhadi sinkapezeka. Amene adawapeza ndi mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lawo, atapalasa njinga kawiri konse kupita kumudziko. Zomwe zidachitika ndidazimva pambuyo pake kwa amalume akewo. Banja lidamva kuti ku chipatala akufuna kumucheka khosi mwana, ndipo kumudzi anthu amati chotupa ukachikhudza ndi mpeni chimafalikira. Adapita naye kwa sing'anga, yemwe adamutema mphini kuzungulira chotupacho. Kenako mnansi wina adawalozera mapiritsi aang'ono oyera ogulitsidwa pa sitolo ina ya mankhwala, omwe adati adamuthandiza mphumu. Adali prednisolone. Mwana adamwa masiku khumi, ndipo chotupa chidaphwa moonekeratu, kutentha thupi kudaleka, nsima adayambanso kumaliza. Banja lonse lidati wachira. Ndalama zitatha mapiritsi adasiya, ndipo pasadathe masabata awiri chotupa chidabwerera chachikulu kuposa kale.

Sindikuwaimba mlandu. Adaona ndi maso awo mankhwala otchipa akuchita zomwe mankhwala athu adalephera miyezi iwiri. Prednisolone amaphadi maselo a lymphoma (khansa ya m'anabere) ndi leukaemia, n'chifukwa chake ali m'gulu la mankhwala a khansa zimenezi. Koma payekha samaliza, amangogonetsa matendawo, ndipo amasokoneza zomwe akaone oyeza nyama ku labu. Nafenso azachipatala timachita zomwezi tikamulembera mwana wa anabere prednisolone kapena dexamethasone kuti "ziphweko", tisadadziwe chomwe chatupitsa.

Adabwera kumayambiriro kwa July ndi mayi ake ndi amalume. Sikelo idati 20.5, kutanthauza kuti adataya kupitirira gawo limodzi mwa magawo khumi a thupi lake. Magazi adatsikira pa 8.4. Khosi lakumanzere lidadzaza kuyambira pansi pa khutu mpaka paphewa, masentimita 7 ndi 6, mphini zisanu ndi ziwiri zikuoneka pamwamba pake, ina ikutuluka mafinya pang'ono. Kapamba ankamveka zala ziwiri pansi pa nthiti. Ankatsokomola akagona chagada, ndipo mayi adati masiku ano amagona chotsamira khoma.

Ulendo uno sindidayambe ndi kalata. Ndidakoka mpando, n'kuyankhula ndi amalumewo, omwe kwa ife a kuno ndiwo mwini mbumba.

"Bambo, ndidakuuzani kudzera mwa achemwali anuwa kuti ndi TB, ndipo mudamvera, mwana adamwa mankhwala osadumphitsa. Ndidaphonya ndine. Pano sindikufuna kuganiziranso, ndikufuna tione ndi maso. Sakamuchotsa chotupa chonse ayi, akangotenga mwanabere mmodzi."

Adandiyang'ana nthawi yaitali, kenako adafunsa: "Nanga mukapeza kuti ndi khansayo, mankhwala ake alipo, kapena mudzangotibweza?"

Funso limenelo ndi lomwe lidali pansi pa zonse, ndipo mu May sindidaliyankhe chifukwa palibe adandifunsa, inenso sindidaganize zoliyamba. Ndidawauza kuti khansa za ana zimachizidwa m'dziko mwathu muno, ku Kamuzu Central ku Lilongwe ndi ku Queen Elizabeth ku Blantyre kuli mawodi ake, mankhwala salipiritsa, ndipo khansa zina za m'anabere ana amachira nazo. Ndidawauzanso kuti ndi ulendo wa miyezi yambiri, ndipo chovuta chachikulu chidzakhala mayendedwe. Adavomera tsiku lomwelo.

Chifukwa chomwe sitidadule pa chipatala chathu

Mnzanga wa ku fiyeta adati akhoza kudula mwanabereyo mawa lake kuti tisatayenso nthawi. Ndidati tiyambe tajambulanso pachifuwa, chifukwa cha kutsokomola kuja akagona. X-ray idaonetsa chotupa chachikulu pakati pa chifuwa, chotambasuka mbali zonse ziwiri pamwamba pa mtima. Mwana wotere ukamugoneka tulo ta opaleshoni minofu imalefuka, chotupa n'kupsinja njira ya mpweya ndi mitsempha ikuluikulu ya magazi, ndipo akhoza kuthera patebulo pomwepo. Tidamutumiza usiku womwewo atakhala tsonga mu ambulansi, namwino ali pambali, ndipo pamwamba pa kalata ndidalemba ndi zilembo zazikulu za chotupa cha m'chifuwacho, za prednisolone, ndi tsiku lomwe adamwa komaliza. Ndidalembamonso miyeso yonse inayi ya chotupa ndi masikelo ake, chilichonse ndi tsiku lake.

Kumeneko adadula mwanabere wa pamwamba pa phewa uja atangochititsa dzanzi pamalopo, mwana ali maso, mutu utakwezedwa. Adamuchotsa wathunthu ndi chikutu chake. Chidutswa chachikulu adaika mu formalin, mankhwala osungira nyama kuti isaole, kachidutswa kena mu saline ka GeneXpert, poti nyama ikalowa mu formalin siyezedwanso TB mwa njira imeneyo. Sikani ya pamimba idapeza anabere ena otupa m'mbali mwa mtsempha waukulu wa magazi, komanso timadontho m'kapamba. TB sidapezeke. Patatha masabata atatu yankho la nyama lidabwera: Hodgkin lymphoma, mtundu wina wa khansa ya m'anabere, maselo ake oidziwira otchedwa Reed-Sternberg ataoneka bwino. Poti matenda adali m'khosi, m'chifuwa ndi m'mimba, kuphatikiza kutentha thupi, thukuta la usiku ndi kuonda, adati ali pa siteji 3B. Mankhwala a TB adaimitsidwa.

Dokotala wa ana wa kumeneko adandiuza pafoni chinthu chomwe chidandichotsera mtolo wina n'kundisenzetsa wina. Adati ngakhale ndikadapaka galasi mu March, mwina silikadaonetsa kanthu, chifukwa mu Hodgkin maselo a khansa amakhala ochepa kwambiri pakati pa maselo wamba ambirimbiri, ndipo singano imawaphonya kawirikawiri. Chofunika chidali kudula mwanabere wathunthu, ndipo nthawi yake idali April, sikelo itangoyamba kutsika. Adatinso matendawa amafanana kwambiri ndi TB, moti si zachilendo kulandira mwana wa Hodgkin atanyamula khadi la TB.

Chithandizo ndi zotsatira zake

Adamuyamba pa ABVD, mankhwala anayi a m'dilipi: doxorubicin, bleomycin, vinblastine ndi dacarbazine, kulandira masabata awiri aliwonse kwa miyezi isanu ndi umodzi. Atalandira kawiri kokha thukuta la usiku lidatha ndipo adayamba kugona chagada. Gawo lathu lidali mayendedwe ndi kumulondera pakati pa maulendo. Tidagwirizanitsa masiku ake ndi masiku omwe ambulansi yathu imapita ku chipatala chachikulu, ndipo amalume aja ndiwo ankamunyamula pa njinga kuchokera kumudzi m'bandakucha. Adadumpha ulendo umodzi wokha mu January, mtsinje utadzaza, ndipo adapita patatha masiku anayi.

Tsiku loopsa lidali m'mwezi wachitatu wa mankhwala. Adafika nthawi ya 9 usiku thupi likutentha madigiri 39, patatha masiku khumi chilandirireni dilipi. Pachikuto cha buku lake tidali titamata pepala lofiira loti mwanayu akabwera ndi kutentha thupi asaime pamzere. Namwino wa usiku adaliona, n'kumuyamba ceftriaxone wa m'mtsempha asadadikire zotsatira za labu, n'kundiimbira. Malungo adalibe, koma maselo oyera oteteza thupi adali atatsikiratu. Adagona masiku asanu, n'kutuluka ali bwino. Mwana wa pa mankhwala a khansa (chemo) akatentha thupi, ola limodzi lodikira pabenchi ndi lalitali kwambiri.

Nkhaniyi idasintha zinthu zingapo pa chipatala chathu. Mwana aliyense wa mwanabere wopitirira masentimita 2 timamuyeza ndi tepi n'kulemba nambala, osati "wamkulu" kapena "waphwako". Amene tamuyamba mankhwala a TB popanda umboni wa ku labu, pakhadi pake timalemba kuti n'zoyesera, ndipo amaonedwa ndi kiliniko ofesa pakatha masabata awiri komanso anayi asadalandire mapiritsi ena. Sikelo ikatsika pa sabata yachinayi mapiritsi akumwedwa, timayamba zokonza zodula. Izi zafunika kwambiri tsopano poti bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO mu 2022 lidavomereza kuti ana a TB yosakula kwambiri, kuphatikizapo ya m'anabere a m'khosi, angathe kumwa mankhwala miyezi inayi yokha, kutsatira kafukufuku wa SHINE yemwe adachitika ku Zambia, Uganda, South Africa ndi India. Mankhwala akafupika maulendo a ku chipatala amachepanso, ndiye maulendo ochepawo wina azigwira khosi la mwanayo. Ndipo tikafuna kutumiza mwana kukadulidwa, timafunsa kaye kuti pakhomopo amagamula ndani, n'kumuitana.

Mnyamatayu adamaliza mankhwala mu February, chaka chathunthu chionereni ine koyamba. X-ray ndi sikani zomaliza sizidaonetse chotupa. Sukulu adataya chaka, adabwereza sitandade 3. Amabwera miyezi itatu iliyonse, ndipo timagwira khosi, kukhwapa, m'mphechepeche ndi kapamba, kumvetsera mtima ndi mapapo chifukwa doxorubicin ndi bleomycin amatha kusiya zipsera mmenemo. Ulendo wathawu sikelo idati makilogalamu 27. Kumanzere kwa khosi kwatsala kamwanabere kamodzi kolimba, kosakwana sentimita, komwe sikadasinthe pa miyeso itatu yotsatizana. Ndidakayeza, ndidalemba, ndipo adzabweranso mu November.